Pangano la malonda silibzala nthochi

Amene ankayenda mumsewu wa m'mbali mwa nyanja zaka 30 zapitazo, kuchokera ku Kande kudutsa pa Chintheche mpaka kukakhotera ku Mpamba, amakumbukira mikoko ya nthochi itaunjikidwa m'mbali mwa msewu kudikira malole. Nkhata Bay linali limodzi mwa maboma amene ankadyetsa dziko lino nthochi, pamodzi ndi Thyolo, Mulanje ndi Karonga. Lero nthochi zambiri za mumsika wa Mzuzu ndi wa Lilongwe zimalowera pa chipata cha Songwe kuchokera ku Tanzania, zina zimachokera ku Mozambique. Palibe pangano la malonda limene linachititsa zimenezi. Anachititsa ndi matenda a chisaka, amene anayamba kuoneka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, nafalikira kudzera mu nsabwe za m'mbewu ndi mphukira zimene alimi ankagawana mwa chibale, mpaka minda yambiri inatheratu. Nkhani ya nthochiyi ndi yoyenera kuikumbukira pamene dziko lililonse likuthamangira kutseka zipata zake, chifukwa ikutionetsa kuti vuto lathu pa malonda lili kwambiri kumunda, kubanki ndi pamsewu kusiyana ndi pachipata.

Mu Malichi 2025, nduna ya zamalonda ya nthawi imeneyo, a Vitumbiko Mumba, analetsa kuitanitsa kunja katundu wosiyanasiyana monga ufa wa chimanga, mpunga, zipatso, ndiwo zamasamba, mkaka, chiponde ngakhale machesi. Cholinga chinali chomveka: kusunga ndalama zakunja zimene zikusowa ndi kuteteza alimi ndi makampani a m'dziko muno. Koma walira mvula walira matope. Nduna ya zaulimi ya Tanzania ya nthawi imeneyo, a Hussein Bashe, inaonetsa pa intaneti kanema wa nthochi zitaolera mu lole pachipata, ndipo chakumapeto kwa Epulo dzikolo linabwezera: linaletsa zokolola za ku Malawi kulowa kwawo, linatseka njira ya zokolola zodutsa m'dziko lawo kubwera kuno, linaimitsanso feteleza amene timatengera kumeneko. Amayi a geni a ku Karonga ndi amene anayamba kumva kuwawa. Chiletso cha Tanzania chinakhala masiku ochepa, ndipo pa 2 Meyi nthumwi za mayiko awiriwa zinakumana ku Dodoma n'kugwirizana zothetsa mkanganowo. M'masabata onsewo palibe munda wa nthochi umene unadzuka ku Chintheche. Chimene tinaphunzira n'chakuti dziko limene mafuta ndi feteleza wake zimadutsa pa doko la Dar es Salaam silingapambane nkhondo yotsekerana zipata.

Kunja zinthu sizili bwino, ndipo sitiyenera kudzinamiza. Bungwe loona zamalonda padziko lonse la WTO lilibe bwalo lake la apilo logwira ntchito kuyambira mu Disembala 2019, kutanthauza kuti dziko laling'ono likaponderezedwa lilibe kokadandaula kodalirika. Mu 2025 boma la a Donald Trump linakweza misonkho pa katundu wolowa ku America kuchokera pafupifupi dziko lililonse. Mu Ogasiti katundu wa ku Malawi anaikidwa pa 15 peresenti, wa ku South Africa pa 30. Lamulo la AGOA, limene kuyambira 2000 linkalola katundu wambiri wa mu Africa kulowa ku America popanda msonkho, linafika tsiku lake lothera pa 30 Sepitembala 2025 aphungu a dzikolo asanaliwonjezere nthawi. N'chifukwa chake mayiko ambiri tsopano akukonda kukambirana awiriawiri, ndipo kuno kwathu ena akunena kuti chipulumutso chili m'mapangano atsopano otere.

Mapangano ife tili nawo kale, ndipo ndi ambiri. Tinasainirana ndi South Africa mu 1990, pangano lotikomera kwambiri chifukwa linalola katundu wathu kulowa popanda msonkho ife osakakamizidwa kubweza chimodzimodzi. Tili nalo lina ndi Zimbabwe la 1995, lina ndi Mozambique la 2005. Tili mu COMESA ndi SADC, tinavomereza mgwirizano wa msika umodzi wa Africa yense mu 2021, ndipo mayiko a mu European Union amalandira katundu wathu aliyense kupatula zida zankhondo popanda msonkho. Pamwamba pa zonsezi, timagulitsa kunja katundu wa pafupifupi madola 1 biliyoni pachaka pamene timagula wa pafupifupi 3 biliyoni, ndipo fodya yekha amatenga pafupifupi theka la zimene timagulitsazo. Mafakitale osoka zovala amene anatsegulidwa ku Blantyre chifukwa cha msika wa South Africa ndi wa AGOA anafota pamene mwayi wapaderawo unachepa, poti kupatula kukhululukidwa msonkho analibe china chowaimika pa mpikisano. Pangano limatsegula khomo, koma wolowa pakhomopo ayenera kukhala ndi katundu pamutu.

Pali amene angatsutse kuti mayiko onse olemera anayamba ndi kuteteza makampani awo, ndipo akunena zoona. South Korea inachita zimenezo. Koma inkateteza mafakitale amene analipo kapena amene ankamangidwa, inkawapatsa ngongole ndi magetsi, ndipo kampani yolephera kugulitsa kunja inkalandidwa thandizolo. Kuletsa nthochi za ku Tukuyu ku Tanzania pamene mlimi wa ku Kande alibe mbewu yopanda matenda sikuteteza munthu. Kumangokweza mtengo kwa mayi wogula ndi kulemeretsa odutsa njira zachidule usiku. Ena angati chiletso n'chofunika chifukwa ndalama zakunja palibe. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komabe mu 2025 dola pamsika wamseri inkagulidwa pa mtengo woposa kawiri wa kubanki. Taganizirani kampani ya Kawalazi imene imalima tiyi ndi makademiya, kapena esiteti ya Vizara imene imakolola labala pafupi ndi boma la Nkhata Bay. Wogulitsa kunja wotere amalamulidwa kusintha gawo la madola ake pa mtengo wa boma, pamene zipangizo, mafuta ndi zina zonse amagula pa mitengo yotsatira msika wamseri. Umenewu ndi msonkho wobisika woposa wa a Trump, ndipo tinauika tokha. Wogulitsa wamng'ono akaona choncho amangodutsitsa katundu wake mozemba, ndalama zake osafika kubanki n'komwe.

Kukonza za m'nyumba sikuthera pa ndalama. Msodzi wa ku Usisya ali ndi usipa umene anthu a ku Zambia amaufuna, koma msewu wotsika phiri kukafika kwawo umavuta kwambiri mvula ikagwa, ndipo chodalira chachikulu chikadali sitima ya Ilala imene inayamba kuyenda panyanjapo mu 1951. Nsomba yoyanika pamchenga singalowe m'sitolo yaikulu ya dziko lina ngakhale msonkho utachotsedwa wonse, chifukwa ogula amafuna chiphaso cha ukhondo. Mpunga wa ku sikimu ya Limphasa ungapikisane ndi wa ku Kyela ku Tanzania pokhapokha ngalande zikukonzedwa ndipo chigayo chili ndi magetsi tsiku lonse. Anthu a ku Chintheche akudziwa bwino mtengo wa ntchito yosiyidwa panjira: nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala oposa 50,000, inabzalidwa kuti idzadyetse fakitale ya mapepala imene inayenera kumangidwa kwawoko, fakitaleyo sinamangidwe, ndipo mitengo yambiri inatuluka ngati matabwa wamba kwinaku ife tikuitanitsa mapepala kunja. Ngakhale nthochi zomwe, njira yake ikudziwika: kuzula mapando onse odwala m'dera lonse nthawi imodzi n'kubzala mbewu yoyera. Mapulojekiti agawa mbewu yotere, koma mlimi mmodzi akazula mnzake woyandikana naye n'kusiya zake, nsabwe zimabwezera matenda m'munda watsopano. Pamafunika alangizi okwanira ndi mafumu ogwirizana, zinthu zimene nduna singasaine ku Dodoma.

Sindikunena kuti mapangano a awiriawiri ndi achabechabe. Ndi Tanzania makamaka, pangano lomveka bwino tikulifuna. Dzikolo linatuluka mu COMESA mu 2000, choncho dongosolo lopeputsira amalonda ang'onoang'ono pachipata, limene timagwiritsa ntchito ndi Zambia ndi Zimbabwe, silinkafika pa Songwe, ndipo ku Dodoma mbali ziwirizi zinalonjeza kulikhazikitsa. Limeneli ndi pangano la mtundu wothandiza, chifukwa likukhudza katundu amene alipo kale m'madengu ndi m'matumba a anthu. Tsidya lina la nyanja, moyang'anizana ndi Nkhata Bay, kuli Mbamba Bay, kumene Tanzania inafikitsa msewu wa tala wochokera ku doko la Mtwara. Mayiko anayi anasainira njira ya Mtwara mu 2004, koma mbali yathu ikudikirabe doko ndi sitima zonyamula katundu zoyenera. N'zoona kuti pa zokambirana za awiri wamkulu ndiye amakhala ndi mawu, ndipo mkangano wa malire a panyanja sunathe. N'chifukwa chake pangano lotere liyenera kutsamira pa malamulo a SADC, likhale lolembedwa, lonena momveka kuti chiletso chilichonse chizilengezedwa nthawi isanakwane komanso pa zifukwa zotsimikizika monga matenda a mbewu.

Aphungu a Nkhata Bay, nduna ikadzabweranso ndi pangano latsopano kapena mndandanda wina wa katundu woletsedwa, adzaifunse kaye kuti mbewu yoyera ya nthochi yafika kwa alimi angati, msewu wa ku Usisya uli pati, ndipo wogulitsa tiyi ndi labala kunja akulandira ndalama zingati pa dola yake.