Dzina la netiweki ya mu ofesi lingatsegulire akuba khomo

M'makomboni a Lusaka monga Matero, Chawama ndi Kalingalinga, masukulu, zipatala zing'onozing'ono ndi masitolo amalumikiza makompyuta ao kuti azigawana zikalata ndi makina osindikizira. Katswiri wolumikiza amapatsa makinawa maina, ndipo kawirikawiri amangopeka mathero a dzina monga .lan kapena .corp. Ngozi yagona pamenepa.

Kompyuta ikafuna kulankhula ndi inzake, imafunsa dongosolo lochedwa DNS, limene limasandutsa dzina kukhala nambala ya makinawo. Laputopu ikacoka mu ofesi, funso lija limapita pa Intaneti ya anthu onse. Ngati dzinalo lili ndi mwini wake kwina, makina a munthuyo ndi amene amayankha, ndipo angalandire mau acinsinsi ndi makalata a eni ofesi.

Zoterezi zinacitikapo. Mu 2020 kampani ya Microsoft inagula dzina la corp.com poopa kuti lingagwe m'manja mwa anthu oipa, cifukwa makompyuta ambiri a Windows anali kutumizako zinsinsi mosadziwa. Mu 2024, dzina la fritz.box, limene makina a Intaneti a kampani ya AVM ya ku Germany amagwiritsira nchito m'nyumba, linalembetsedwa ndi munthu wina.

Bungwe la ICANN, limene limayang'anira maina pa Intaneti, linaimitsa kupereka .corp, .home ndi .mail mu 2018. Mu 2024 linapatula .internal kuti likhale la manetiweki a m'kati okha, ndipo silidzagulitsidwa. Eni nyumba ali ndi home.arpa kucokera mu 2018. Dzina la .local ndi la makina amene amapezana okha, motero kuligwiritsira nchito zina kumabweretsa cisokonezo.

Njira yodalirika kwa sukulu kapena kampani ndi kulembetsa dzina lake pansi pa .zm, limene limayang'aniridwa ndi bungwe la ZICTA, ndi kupatula cigawo ca dzinalo kuti cikhale ca makina a m'kati. Dzina lotere limalola kutenga satifiketi yacitetezo, imene kucokera mu 2015 siperekedwa pa maina opeka. Koma muzilipira dzinalo nthawi isanathe, cifukwa likagwa, wina angalitenge.

Conco katswiri akabwera kudzalumikiza makompyuta anu, mufunseni kuti dzina limene wasankha ndi la ndani.