"Nili che bwino" si mawu a dokota

Lachiwili m'mawa pa Great East Road, kondakita wa basi yathu anatelemuka pachitseko, mutu n'kugunda patala. Anauka, n'kudzikuntha fumbi. "Nili che bwino, mabosi, tiyeni!" Tonse tinaseka, ine ndemwe. Tisanafike m'tauni anayamba kusanza, maso akulemela tulo.

Chigaza chili ngati bokosi lotseka. Bongo ukatupa, kapena magazi akatayikila mkati, alibe kopita, ndiye pulesha imakwela. Munthu akakhala bwino, mitsempha ya m'bongo imadzichepetsa kapena kudzikulitsa yokha kuti magazi aziyenda mofanana, BP ikwele kapena itsike. Mutu ukamenyeka kwambili, mphamvu imeneyi ingasokonezeke.

N'chifukwa chake kuchipatala amayang'anila wovulala pafupipafupi: tochi m'maso, mafunso, CT scan, ndi mamaki a Glasgow, kuyambila 3 mpaka 15. Ovulala kwambili ena amawaika kachubu m'mutu koyeza pulesha; ikapitilila 20 mmHg, madokotala amachitapo kanthu.

Adilaiva athu anakhotela kuchipatala, ena akudandaula kuti achedwa kunchito. Manje imwe, mukaona kusanza, tulo kapena kusokonezeka kwa mutu pambuyo pa ngozi, osamuuza kuti akagone kunyumba.