Sabuufa yanu mwina sinapse, yambani mwaona mawaya

Pa katundu yense wa pabalaza, palibe chomwe timafulumira kuchilengezera maliro ngati choyimbira. Sipika imodzi ikangoti zii, mwini wake wagamula kale: "Basi, yapsa." Kenako ayamba kuwerengera ndalama zomwe alibe, kapena kuyikweza pa kabaza ulendo kwa mmisiri. Koma mwa masabuufa omwe ndawaonapo kwa anzanga ndi achibale, ambiri anali amoyo ndithu. Vuto linali panja, pa mawaya.

Ngati sipika imodzi yasiya kulira, zimitsani, zulani pulagi, kenako sinthanitsani: ya kumanzere muyilumikize pomwe panali ya kumanja. Ikayamba kulira, ndiye kuti sipikayo ili bwino, vuto lili m'makina kapena pa waya wa AUX wochokera ku foni, ndipo kawirikawiri amakhala wayayo, chifukwa amathyokera m'kati pafupi ndi mutu. Ikakhalabe chete, ichotseni, mutenge batire la 1.5V la mu rimoti n'kugunditsa mawaya ake awiri kumapeto kwa batirelo, kamphindi chabe. Sipika yamoyo imamveka kuti "thi". Ikapanda kutero, yesani waya wina musanayitaye.

Pobwezera mawaya m'pamene ambiri amalakwitsa. Wofiira apite pofiira, wakuda pakuda, mbali zonse ziwiri. Mukatembenuza sipika imodzi palibe chimene chipse, koma ina ikamakankha mpweya inzake izikoka, ndiye besi imamveka yopyapyala ngati phala la m'chipatala. Choopsa ndi timawaya tating'ono tomwe timatsalira panja mukasenda waya ndi mano. Kamodzi kokha kakakhudza mbali inayo, makina amadzizimitsa okha, ena amalemba PROTECT, ndipo otchipa amapsa kumene. Potani timawayato tikhale pamodzi musanalowetse.

Nanga kaphokoso kaja kong'ung'uza, ka "mmmm" kosatha ngakhale nyimbo isakuyimba? Kamachokera ku magetsi, omwe kuno kwathu ndi a 230V pa 50Hz. Yambani mwazula chilichonse cholowa m'choyimbira. Kakasiya, bwezerani chimodzichimodzi mpaka mumugwire wolakwa. Ine woyamba kumukayikira amakhala chaja: foni ili pa AUX, ikutchajanso ndi chaja ya pamsika, phokoso silingalephere. Ichotseni pa chaja muone. Wachiwiri ndi timitu ta RCA, tofiira ndi toyera tija, tikalowa mwatheka.

Za fulashi n'zachidule. Zoyimbira zambiri zimawerenga FAT32 yokha, pomwe mafulashi opitirira 32GB nthawi zambiri amabwera ali pa exFAT. Kufomata kumafufuta zonse, ndiye sungani kaye nyimbo zanu pa kompyuta. Onaninso ngati nyimbozo ndi za MP3, chifukwa zina zomwe timatumizirana pa foni zimakhala M4A, ndipo makina ena amangozidumpha. Bluetooth nayo imafika mamita 10 basi, khoma likakhalapo n'kucheperanso. Ikamakana kulumikiza, musathamangire kuyitukwana: mwina yagwira kale foni ya mchemwali wanu kuchipinda. Rimoti iyeseni ndi kamera ya foni. Lozetsani ku kamera, dinani batani. Mukaona kakuwala pa sikirini, ili moyo. Kamera ya kumbuyo ikapanda kuonetsa, yesani ya kutsogolo.

Pali nkhani ina yomwe tingakangane ndi amayi. Kansalu koluka kaja kokongoletsa pamwamba pa choyimbira kamatseka mabowo otulukira kutentha. Choyimbira chomwe chimayimba bwino kwa mphindi zingapo kenako n'kuzima, makamaka mu Okutobala, nthawi zambiri chimakhala chatentha basi. Chotsani nsalu, chitalikitseni ku khoma, pukutani fumbi ndi burashi youma. Malo ofunda ndi amdima ngati amenewo mphemvu zimawakondanso, ndipo zikamanga mudzi pa bolodi, ndiye ntchito ya mmisiri.

Kunena zoona, masipika ambiri timawapha tokha. Pa katoni alemba 5000W PMPO, ife n'kumaganiza kuti tagula zida za pa ukwati. Nambala imeneyo ndi yotsatsira malonda. Yoti muziyikhulupirira ndi ya RMS, yomwe imakhala yaing'ono kwambiri. Mawu akayamba kusweka, besi ikumveka ngati pepala likung'ambika, makina afika pothera, ndipo mukapitiriza kakoyilo ka m'sipika kamatentha mpaka kupsa. Tsitsani voliyumu pomwepo, alendo akwiye akwiye. Kumangirira masipika owonjezera pa bowo limodzi nakonso n'koopsa: awiri a 8 ohms mukawaphatikiza choncho amakhala 4 ohms, ndipo ngati kumbuyo kwa makina analemba 8, mukuwasenzetsa katundu woposa msinkhu.

Magetsi akathima, zulani pulagi, mubwezere akabwera n'kukhazikika. Ngati mwagula choyimbira chogwiritsidwa kale ntchito chochokera kunja, werengani kumbuyo musanalowetse pa soketi. Cha ku Japan chimakhala cha 100V, cha ku America 120V, ndipo pa 230V yathuyi popanda thiransifoma chimafa nthawi yomweyo. Fyuzi ya m'pulagi ikapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Zokulunga kawaya kapena pepala lonyezimira la ndudu zija, chonde ayi, m'nyumbamo mumagona ana.

Fyuzi yatsopano ikapsanso, kapena mukamva fungo la kupsa, kapena mwaona utsi, apo ndiye lekani. Musatsegule. M'kati muli ma capacitor omwe amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi, ndipo amatha kukumenyani. Pitani nacho kwa mmisiri, mumuuze zonse zomwe mwayesa kale, mugwirizane mtengo asanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, ndipo mupemphe kuti chomwe wachotsa akupatseni m'manja.