Asayansi ayeza maginito a m'mphepete mwa dzuwa

Amene anaona kadamsana wa pa 21 Junho 2001, yemwe anadutsa ku Zambia, Zimbabwe ndi kuno ku Mozambique, akukumbukira kuti kumene mwezi unaphimba dzuwa lonse, m'mphepete mwake munatsala kuwala koyera mbuu. Kuwalako ndi mpweya wa kunja kwa dzuwa, umene asayansi amautcha korona. Umatentha kuposa madigiri 1 miliyoni, pamene pankhope ya dzuwa pamatentha pafupifupi madigiri 5,500.

Chimene chimagwira mpweyawu ndi mphamvu ya maginito. Mphamvuyi ikapotana kwambiri imaduka ngati chingwe cha mphira, n'kuponya mpweya wotenthawo m'mlengalenga. Ukalunjika kuno, nthawi zambiri umafika pakadutsa tsiku limodzi mpaka atatu, ndipo umasokoneza mawailesi omveka kutali, masetilaiti ndi magetsi. Mu Março 1989, dera la Quebec ku Canada linakhala maola 9 opanda magetsi. Mu Maio 2024, alimi ena ku America anaimitsa mathirakitala nyengo yodzala ili mkati chifukwa GPS inasokonekera.

Vuto linali kuyeza. Maginito a pankhope ya dzuwa anayamba kuyezedwa mu 1908 ndi George Ellery Hale, koma korona ndi yozimiririka: dzuwa limaiposa kuwala pafupifupi ka 1 miliyoni. Zili ngati kufunafuna chiphaniphani pambali pa moto wolusa wa m'tchire.

Mu Setembro 2024, gulu lotsogozedwa ndi Tom Schad linalengeza kuti lajambula mapu a maginito a m'korona. Linagwiritsa ntchito makina oonera dzuwa a Daniel K. Inouye, omwe ali pa phiri la Haleakalā ku Hawaii. Galasi lake ndi lalikulu mamita 4. Makinawa amaphimba nkhope ya dzuwa, ngati kadamsana wochita kupanga, kenako amaunika kuwala kochokera ku tizidutswa ta chitsulo tomwe tili mu mpweyawo. Maginito amasintha kuwalako pang'ono chabe, ndipo kusinthako n'kumene kumaulula mphamvu yake.

Pasakhale chisokonezo: iyi si njira yolosera mvula, ndipo siiuza mlimi tsiku lodzala chimanga. Cholinga ndi chakuti oyang'anira magetsi ndi masetilaiti azichenjezedwa msanga. Ntchito ikadalipo, popeza makinawa amayeza kadera kochepa ka m'mphepete mwa dzuwa pa nthawi imodzi, komanso amadalira kuti kumwamba kuyere.