Pampu ndi makina a mchere ziyendere timer imodzi

Abale athu amene amasamalira madamu osambiramo m'nyumba za ku Johannesburg amakumana ndi funso ili: kodi pampu ndi makina opanga klorini kuchokera ku mchere zingakhale ndi timer yakeyake? Ine ndimati ayi, ndipo chifukwa chake chili m'kati mwa makinawo. Magetsi akamadutsa m'madzi a mchere pamatuluka klorini, komanso mpweya wa haidrojeni umene suchedwa kuyaka. Pampu ikamayenda, madzi amakokolola mpweyawo. Ikaima makinawo akugwirabe ntchito, mpweya umaunjikana ngati nthunzi mumphika wovundikira kwambiri, mpaka paipi kapena makinawo kuphulika.

Ena amati makina ambiri ali ndi kachipangizo kowazimitsa madzi akasiya kuyenda. N'zoona, koma kachipangizoko kamatha kufa mwini wake osadziwa, ndipo matimer awiri amatha kusiyana nthawi magetsi akamathimathima. N'chifukwa chake zonse ziyenera kulandira magetsi kuchokera pa timer imodzi, yotetezedwa ndi chipangizo chodula magetsi cha earth leakage cha 30 mA, waya wa earth atalumikizidwa bwino. Ku South Africa lamulo limafuna kuti mawaya otere alumikizidwe ndi wamagetsi wovomerezeka, wopereka Certificate of Compliance. Abwana akakuuzani kuti mulumikize nokha mawayawo, akanireni mwaulemu.