ULENDO WOKASANGALALA PA NYANJA YA MCHERE

Dziko lathu la Malaŵi lilibe nyanja ya mchere. Sitima ya pamadzi imene ambiri a ife tidaiona kapena kumva mbiri yake ndi Ilala, imene idayamba kuyenda pa Nyanja ya Malaŵi m'chaka cha 1951. Munthu wokwera sitima yotere amakhala ali nako kopita: wina ku Likoma, wina ku Nkhata Bay, wina ali ndi matumba ake a ufa. Koma pa nyanja zikuluzikulu za mchere pali sitima za mtundu wina. Anthu amakwera sitimazi kuti akapumule ndi kusangalala pamadzi pomwepo. Amayenda masiku atatu, ena sabata yathunthu, ena miyezi, kenaka amatsikira pa dooko lomwe adakwerera.

Kale sizidali choncho. Munthu wofuna kupita ku Ulaya kuchokera kuno kumwera kwa Africa ankayenda pamadzi. Sitima za kampani ya Union-Castle zinkanyamula anthu ndi makalata pakati pa Cape Town ndi Southampton ku England, ndipo ulendowo unkatenga pafupifupi masabata aŵiri. Zitabwera ndege zaliŵiro, zotha ulendo womwewo tsiku lisanathe, anthu adaleka kukwera sitima, ndipo maulendo a makalatawo adatha m'chaka cha 1977. Zidachitikanso chimodzimodzi pa nyanja zina. Eni sitima adaona kuti sangapikisane ndi ndege pa liŵiro, motero adasandutsa sitima zao kukhala malo a tchuthi.

Sitima za masiku ano ndi zazikulu kodabwitsa. Ilala ndi yaitali mamita 52. Sitima yotchedwa Icon of the Seas, imene idayamba kunyamula alendo m'chaka cha 2024, ndi yaitali mamita 365. Ndiye kuti mutandandalika sitima zisanu ndi ziŵiri zonga Ilala, pamenepo mpamene mungafanizire kutalika kwake. Ikadzaza imatenga alendo oposa 7,000, kuwonjezera pa antchito oposa 2,000. M'kati mwake muli zipinda zogona, malo odyera, masitolo, chipatala, maiŵe osambira ndi mabwalo a zisudzo. Ndi tauni yathunthu yoyandama pamadzi. Komabe siithamanga kwambiri ai. Sitima zambiri zotere zimayenda makilomita pafupifupi 37 pa ola, liŵiro limene basi ya pamseu imalipitirira mosavuta.

Dooko lapafupi ndi ife kumene maulendo otere amayambira kaŵirikaŵiri ndi la Durban, ku South Africa. Sitima za kampani ya MSC zimanyamuka kumeneko m'miyezi yotentha, kuyambira cha mu Novembala kufikira cha mu Epulo. Maulendo ambiri ndi aafupi, a masiku atatu kapena anayi, oloŵera kumpoto ku gombe la Mozambique. Malo amodzi odziŵika kumene zimaima ndi kachilumba kotchedwa Portuguese Island, pafupi ndi chilumba cha Inhaca, kufupi ndi mzinda wa Maputo. Miyezi imeneyi ndi yomweyonso imene anamondwe amabadwa pa nyanja ya Indian. Tonse tikukumbukira zimene namondwe Freddy adachita m'chigawo cha kumwera kwa dziko lathu m'chaka cha 2023. Chifukwa cha ichi woyendetsa sitima ali ndi mphamvu zosintha njira, kapena kulambalala chilumba chimene alendo amayembekezera kuchiona. Ena amadandaula zikatero, koma kudandaulako n'kwa munthu wosaidziŵa nyanja.

Wofuna kupita pa ulendowu ayambe waona pasipoti yake, pakuti sitima imaloŵa m'madzi a dziko lina. Aonenso bwino zimene walipira. Mtengo wa tikiti umaphatikiza chipinda chogona, chakudya ndi zisudzo, koma kaŵirikaŵiri suphatikiza zakumwa za m'mabotolo, zithunzi zimene amakujambulani, maulendo okaona malo kumtunda, ngakhale kuonana ndi dokotala. Pokwera, mlendo aliyense amapatsidwa kakhadi. Kakhadiko ndiko kiyi wa chipinda chake, ndiko chizindikiro chake potsika ndi pokwera, ndiponso ndiko amagulira zinthu, popeza m'sitima anthu sagwiritsa ntchito ndalama za m'manja. Apa mpamene pagona msampha. Munthu akamagula osaona ndalama ikutuluka m'thumba, amaiŵala kuŵerengera, ndipo ngongole yonse imamupeza usiku womaliza. Lamya ya m'manja nayonso ndi yofunika kusamala nayo. Pakati pa nyanja mauthenga amadzera pa makina a m'mlengalenga, ndipo mtengo wake ndi wokwera zedi. Ndi bwino kufunsa mitengo ya zonsezi musanakwere. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Zipinda zogona ndi zazing'ono koma zaukhondo. Zotsika mtengo zili m'kati mwa sitima ndipo zilibe zenera, kotero kuti munthu akazima nyale sadziŵa ngati kunja kwacha. Zokwera mtengo zili ndi zenera kapena kakhonde koyang'ana kunyanja. Mwina mungafunse kuti, nanga anthu ochuluka chotere amamwa chiyani, poti madzi a m'nyanjamo samweka? Zoonadi, lita imodzi ya madziwo imakhala ndi mchere wokwana magalamu 35. Sitima ili ndi makina ochotsa mcherewo. Ena amaŵiritsa madzi ndi kutenthedwa kwa injini, nakola nthunzi yake, imene ikazizira imasanduka madzi abwino. Ena amakankha madziwo mwamphamvu kupyola pa sefa ya timaboowo tosaoneka ndi maso, mchere nkutsalira.

Vuto loyamba limene alendo ambiri amakumana nalo ndi nseru. Chimene chimachitika ndi ichi. M'kati mwa khutu la munthu muli tiziŵalo timene timauza ubongo ngati thupi laima chilili kapena likupendama. Munthu akakhala m'chipinda cha m'sitima, maso ake amaona khoma ndi tebulo zili phee, pamene khutu likunena kuti zonse zikugwedezeka. Ubongo umasokonezeka ndi mauthenga aŵiri otsutsanaŵa, ndipo munthu amayamba chizungulire, thukuta ndi kusanza. Mankhwala ake oyamba ndi osagula: tulukani panja, mupume mpweya wabwino, ndi kuyang'ana patali pamene thambo lakumana ndi madzi. Mukatero maso ndi khutu zimagwirizana. Musaŵerenge buku nthaŵi imeneyo, ndipo musadye zonona zambiri. Amene amadziŵa kuti sachedwa kuchita nseru asankhe chipinda cha pakati pa sitima, chapansi, chifukwa kutsogolo, kumbuyo ndi pamwamba mpamene pamagwedezeka kwambiri. Alipo mapiritsi othandiza, koma amagwira bwino ntchito akamwedwa nseru isanayambe. Sitima zazikulu zilinso ndi zipsepse zachitsulo pansi pa madzi, zonga za nsomba, zimene zimachepetsa kupendama. Ambiri amazoloŵera pakapita tsiku limodzi kapena aŵiri.

Tsopano tifike pa chinthu chofunika koposa zonse. Sitima isananyamuke, kapena itangonyamuka kumene, mlendo aliyense amaphunzitsidwa zoyenera kuchita pa ngozi. Amauzidwa malo ake osonkhanirapo, amene alembedwanso kuseri kwa chitseko cha chipinda chake. Amaonetsedwa kavalidwe ka jekete yoyandamitsa munthu pamadzi. Amamvetsedwanso kulira kwa lipenga la ngozi: kasanu ndi kaŵiri mwachidule, kenaka kamodzi motalika. Alendo ena amanyinyirika ndi phunziro limeneli, poti mitima yao ili kale ku chakudya ndi kumaiŵe osambira. Koma malamuloŵa adalembedwa anthu atafa.

M'mwezi wa Epulo 1912 sitima ya Titanic idagunda chimwala cha madzi oundana pa nyanja ya Atlantic nimira. Idanyamula anthu oposa 2,200, koma mabwato opulumukira adalipo 20 okha, osakwanira onse. Anthu pafupifupi 1,500 adafa. Patapita zaka ziŵiri maiko adapangana malamulo oteteza moyo pa nyanja, ndipo lero sitima iliyonse iyenera kukhala ndi malo a munthu aliyense m'mabwato ake opulumukira. Mu Januwale 2012 sitima ya Costa Concordia idagunda thanthwe pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy, ndipo anthu 32 adataya miyoyo. Mazana a alendo amene adakwera madzulo omwewo adali asanaphunzitsidwe kanthu, chifukwa nthaŵi imeneyo lamulo linkalola kudikira mpaka maola 24. Ngoziyi itachitika lamulo lidasinthidwa.

Nkhani ina idachitikira pafupi ndi kwathu kuno. M'mbali mwa gombe la kum'maŵa kwa South Africa muli mkokomo wamphamvu wa madzi, wotchedwa Agulhas, umene umayenda kuloŵera kumwera. Mphepo ikaomba kuchokera kumwera motsutsana nawo, mafunde amakwera ngati mapiri. Amene adaona Mwera utakalipa pa Nyanja ya Malaŵi angaganizire pang'ono za ukali wake. Pa 3 Ogasiti 1991 sitima yotchedwa Oceanos idanyamuka ku East London kupita ku Durban, m'nyengo yoipa yotere. Usiku madzi adayamba kuloŵa kuchipinda cha makina, magetsi nkuzima. Lipenga la ngozi silidalire, ndipo alendo sadauzidwe zoona. Ambiri mwa antchito adathaŵa m'mabwato oyamba, ndipo woyendetsa sitimayo adachoka anthu ambiri akadali m'kati.

Amene adatsala kuthandiza anthu adali oimba ndi ochita zisudzo. Mmodzi wa iwo, woimba gitala dzina lake Moss Hills, adakwera kuchipinda choyendetsera sitima napeza mulibe wolamula. Iye ndi anzake adagwiritsa ntchito wailesi kuitana chithandizo. Adasonkhanitsa anthu, nawakweza m'mabwato otsala mwadongosolo, ndi kuwalimbitsa mtima usiku wonse. Kutacha zidafika ndege za helikoputa za asilikali a South Africa, zimene zidakweza ndi zingwe anthu oposa 200 kuchokera pa sitima yopendekekayo. Masana a pa 4 Ogasiti Oceanos idamira. Mwa anthu 571 amene adali m'menemo sadafe ndi mmodzi yemwe. Chidawathandiza n'chakuti adamvera malangizo, osakankhana, ndipo adavala majekete ao. Ngozi zotere sizichitika kaŵirikaŵiri, ndipo anthu mamiliyoni ambiri amayenda chaka chilichonse nabwerako bwino. Komabe mlendo wanzeru amayenda yekha kamodzi kuchokera kuchipinda chake kukafika kumalo ake osonkhanira, kuti aidziŵe njirayo ngakhale mumdima.

Mdani wina ndi wosaoneka. Anthu zikwi akamadyera pamodzi ndi kugwira zitsulo zomwezo za pamakwerero, matenda otsegula m'mimba amafala msanga. M'chaka cha 2020 sitima ya Diamond Princess idaimitsidwa pa dooko la Yokohama ku Japan chifukwa cha Covid-19, ndipo anthu oposa 700 adapezeka ndi kachilombo ka matendawa. Nchifukwa chake pakhomo la malo odyera pamakhala posambira m'manja. Lamulo lomwe mumaphunzira kusukulu, losamba m'manja ndi sopo musanadye ndiponso pochokera kuchimbudzi, ndi lomwelo m'sitima ya mtengo wapatali. Dzuŵa nalonso limatentha kwambiri pamadzi ngakhale kamphepo kakuomba, choncho chipewa ndi madzi akumwa zisasoŵe. Ana saloledwa kukwera pa zitsulo zotchinga m'mbali mwa sitima. Munthu akagwera m'nyanja, makamaka usiku, kumpeza n'kovuta, pakuti sitima yaikulu imayenda mtunda ndithu isanaime.

Amene amachititsa kuti ulendo ukome ndi antchito. Ambiri amachokera kumaiko monga Philippines, Indonesia ndi India. Amakhala miyezi yambiri osaona mabanja ao, akugwira ntchito masiku onse a sabata, ndipo amagona m'tizipinda tapansi pa sitima. Amayala mabedi, amaphika, amachapa, amasamala makina. Mlendo amaona tebulo loyalidwa bwino, koma saona amene adadzuka mbandakucha kukaphika buledi. Kuwapatsa moni ndi kuwathokoza ndi khalidwe loyenera, monga timachitira kwathu ndi aliyense wotilandira.

Tsiku lokondweretsa kwambiri ndi lofika pachilumba. Ku Portuguese Island kulibe dooko loti sitima yaikulu nkukocheza, motero imaponya nangula patali, alendo nkumatengedwa m'mabwato ang'onoang'ono, gulu ndi gulu. Nyanja ikavuta tsikulo, palibe amene amatsika. Kukakhala bata, anthu amasambira m'madzi oyera mbee, amayenda pamchenga, ena amaoloka kupita ku Inhaca kukaona mudzi ndi msika. Zinyalala zonse ziyenera kubwerera kusitima, pakuti malamulo a maiko onse amaletsa kutaya mapulasitiki m'nyanja. Potsika, mlendo aliyense amaonetsa kakhadi kake, ndipo amauzidwa ola limene bwato lomaliza lidzanyamuke. Ola limenelo ndi lofunika kulisunga. Pa madooko a m'mizinda, kumene alendo amatsika kukayenda okha, sitima siidikira wochedwa. Amene watsalira amadzifunira yekha njira yokapezera sitimayo pa dooko lotsatira kapena yobwerera kwao, ndi ndalama zake, katundu wake ali m'chipinda chimene chikupita ndi madzi.

Usiku womaliza alendo amalongedza katundu ndi kuika masutukesi panja pa zitseko zao kuti antchito awatsitse. Ndi bwino kusunga pambali pasipoti, mankhwala ndi zovala za m'maŵa mwake, chifukwa sutukesi ikapita simuionanso kufikira kumtunda. Kukamacha nyumba zazitali za mzinda wa Durban zimayamba kuoneka, ndipo timasitima tamphamvu tokoka timabwera kudzathandiza sitimayo kukocheza. Ambiri akaponda pamtunda amadabwa kumva ngati nthaka ikugwedezeka. Thupi limakhala litazoloŵera mafunde, ndipo pamapita maola angapo, mwina tsiku lathunthu, kuti miyendo ikhulupirire kuti yafikadi pouma.