NGULUWE, GOGODERA NDI CIPOLOPOLO CA MTOBVU

Mwezi wa Febuluwale ukamapita kumapeto, cimanga citabereka ndipo nshawa zitayamba kukhwima pansi, amuna ambiri a m'midzi ya ku Nyimba, Petauke, Mambwe ndi Chama sagonanso m'nyumba zao. Amasamukira kucilindo. Kumeneko amacezera usiku wonse ndi moto, agalu ndi citini cogogoda, pakuti mdani wao sadziwa kuyenda masana. Nguluwe imadza anthu atagona. Sibwera yokha ai, koma ndi banja lonse, nthawi zina zisanu ndi imodzi, nthawi zina khumi ndi kupitirira. Ndipo cimene cimawawa mtima wa mlimi si kudyako, koma kuononga kwace: imagwetsa mapesi makumi awiri kuti idye zitsononkho zitatu, imafukula mizere ya mbatata ndi cinangwa monga munthu wagwira khasu ali woledzera. Banja limene linalima kuyambira Novembala likhoza kudzuka m'mawa umodzi ndi kupeza kuti nkhokwe ya caka cino sidzadzala.

Tisasokoneze nguluwe ndi njiri, ngakhale ziri paubale. Njiri ndi ija ya minyanga yopindikira kumwamba ndi zotupa kumaso, yothamanga mcira uli cirili. Imayenda masana, imadya udzu cogwada, ndipo usiku imalowa cambuyo m'maenje amene nyama zina zinakumba. Nguluwe ndi yaubweya wofiirira kapena wakuda, yokonda nkhalango zowirira ndi m'mbali mwa madambo. Yaikuru imalemera makilogramu 60 kapena 80, ndipo ziripo zina zopitirira 100. Minyanga yace ndi yaifupi, koma ya kunsi imanoleka pa ya kumwamba nthawi zonse pamene itafuna, motero ndi yakuthwa ngati mpeni. Alenje onse amabvomerezana pa mau amodzi: nguluwe yolasidwa koma yosafa ndiyo yoopsya. Imabwerera, ndipo imang'amba agalu ndi miyendo ya munthu yemwe.

Makolo athu anaidziwa bwino nyama imeneyi, mpaka anaiika m'mwambi wakuti nguluwe inalira msampha utaning'a. Iwo anali kuigwira ndi mbuna, misampha, maukonde ndi mikondo, ndiponso anali ndi mthandizi amene sanali kumlipira, ndiye nyalugwe. Kumene anyalugwe anatha, nguluwe zinaswana mwaufulu, pakuti yaikazi imabala ana atatu kapena anai nthawi imodzi, ndipo imawabala dzinja likamayamba, cakudya ciri ponseponse.

Mmene mfuti inafikira

Mfuti zodyetsera kukamwa, zimene timazicha gogodera, zinalowa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1800. Zinakwera ndi mtsinje wa Zambezi m'manja mwa Apwitikizi ndi Acikunda a ku Zumbo ndi Feira, pamene lero pali boma la Luangwa. Zina zinadza ndi Abisa ndi Aswahili a malonda ocokera kunyanja ya mcere. Mtengo wace unali minyanga ya njobvu, ndipo, tisabise, unalinso anthu. Malonda oipa aja atatha, mfuti zinatsala. Zinasanduka cuma ca pamtundu, cosiyirana kucokera kwa malume kupita kwa mphwace, ndipo mfuti yothyoka inali kupita kwa wosula monga khasu. Stuart Marks, Mmereka amene anakhala pakati pa Abisa a ku Munyamadzi m'cigwa ca Luangwa, analemba buku lonse m'caka ca 1976 lofotokoza alenje a mfuti zotere ndi miyambo yao.

Gogodera imaombera kamodzi. Mlenje amathira onga kukamwa kwa mfuti, natsindira ndi kansanza, naponyamo cipolopolo, natsindiranso. Akaphonya, nthawi yodyetsanso palibe. Ndico cifukwa cace fundi weniweni sathamangira kuombera. Amayamba wapenya kumene nguluwe zimalowera m'munda, amayesa mphepo ndi phulusa kapena fumbi, pakuti nguluwe siona patali koma mphuno yace sinama, ndipo amadikira mwezi uwale. Amafuna kuti nyama ifike pafupi, mapazi makumi awiri kapena atatu, iime cam'mbali, kuti cipolopolo cilowe kumbuyo kwa mwendo wam'tsogolo kumene kuli mtima ndi mapapu. Mutu wa nguluwe ndi wolimba ndi wotsetsereka. Woombera pamphumi kawirikawiri amangoikwiyitsa.

Nanga cipolopolo cimacokera kuti? M'sitolo mulibe zipolopolo za gogodera. Mlenje amadzipangira yekha, ndipo pa zitsulo zonse amasankha mtobvu. Zifukwa zace nzomveka. Mtobvu ndi wolemera, kotero kanthu kakang'ono kamanyamula mphamvu yaikuru. Ndi wofewa, kotero sukanda m'kati mwa mfuti, ndipo ukagunda nyama umaphwatalala ndi kusiya bala lalikuru. Koposa zonse, umasungunuka pa madigiri 327 okha, moto umene mbaula ya pakhomo imaufikira popanda mibvukuto. Kale mtobvu unali kudza ndi amalonda pamodzi ndi onga. Masiku ano umacokera m'mabatire akutha a galimoto ndi a magetsi a dzuwa. Munthu amaswa batire ndi nkhwangwa, nataya madzi ace pansi, natenga zam'kati, nazisungunula m'citini, nathira m'cikombole kapena m'bango, kenaka nadula ndi kusula timibulu tolingana ndi kamwa la mfuti yace. Ena, mtobvu ukasowa, amadula citsulo comangira nyumba kapena mabauti, koma zimenezo zimapweteka mfuti ndipo zimapita kumene zifuna.

Si kwathu kokha kumene anthu amacita zotere. Ku America, makamaka ku Texas, kuli nkhumba zimene zinathawa m'makola kalekale ndi kusanduka zam'thengo. Zakwana mamiliyoni ndipo zimasakaza minda monga nguluwe zathu. Alenje ena kumeneko amakonda kudziumbira okha zipolopolo, nasakaniza mtobvu ndi zitsulo zina kuti ulimbe ndi kubowola cikopa cokhuthala ca paphewa la nkhumba yaimuna. Kusiyana ndi kwakuti iwo amacita monga cosangalatsa, ali ndi ng'anjo yamagetsi m'nyumba yapadera. Wa ku Chama amacita cifukwa ca njala, pabwalo pomwe ana ace amasewera.

Cimene citini cimasiya

Apa ndipo pagona nkhani, owerenga okondedwa. Ife a m'Zambia sitiyenera kuuzidwa ndi mlendo kuti mtobvu ndi ciphe, pakuti tiri ndi Kabwe. Mgodi wa mtobvu ndi zinki wa kumeneko, umene unali kuchedwa Broken Hill, unagwira nchito kuyambira 1906 kufikira 1994. Unatsekedwa, koma fumbi lace linatsala m'nthaka ya ku Kasanda, Chowa ndi Makululu, ndipo ana obadwa zaka zambiri mgodi utatsekedwa anapezeka ndi mtobvu woculuka m'magazi. Mtobvu suola, sucita dzimbiri lakuti uthe, ndipo mvula siusambitsa. Pamene wagwa, wakhala.

Thupi la munthu limanyengedwa nao. Limaulandira monga ngati ndi cakudya comanga mafupa, ndi kuusunga m'mafupa ndi m'mano kwa zaka makumi. Mai akakhala ndi pakati, mafupa ace amatulutsa zomangira mwana, ndipo mtobvu umatuluka nazo limodzi kupita kwa khanda losabadwa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limanena kuti palibe muyeso wa mtobvu m'magazi umene tingati ndi wosaopsya, ndi kuti mwana wamng'ono amamwerera mtobvu kanai kapena kasanu kuposa wamkuru atameza muyeso umodzimodzi. Ukaculuka, mwana amamva m'mimba kupota, magazi amacepa, amakomoka. Ukakhala wocepa, suonetsa kanthu ai; umangodya nzeru pang'onopang'ono. Mwana amacedwa kulankhula, amaiwala zimene aphunzitsi anena dzulo, ndipo ife timamucha waulesi kapena kuyamba kuloza zala agogo a kuseri kwa mudzi.

Wina angati batire limodzi ndi kanthu kocepa poyerekeza ndi mgodi. Amve za ku Senegal. M'dera la Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi mzinda wa Dakar, anthu anali kuswa mabatire ndi kusefa dothi lace pakhomo kuti agulitse mtobvu. Pakati pa Novembala 2007 ndi Marichi 2008 ana 18 anamwalira. Panalibe fakitale, panalibe mgodi. Panali mabwalo a nyumba ndi manja. Zoona, iwo anali kuswa mabatire ambiri kuposa mlenje wa mfuti imodzi. Koma njira ya ciphe ndi yomweyo: utsi umene wosungunula amapuma, phulusa ndi zotsalira zimene amakhuthula kuseri kwa nkhokwe, fumbi la pa zobvala, mwana wokwawa amene amaika dzanja m'kamwa, nkhuku zimene zimatola timibulu totayika. Ndiye pali citini cija kapena kamphika kakale. Mawa lace wina amacitsuka ndi mcenga naphikiramo ndiwo kapena kutungira madzi. Ine ndimaona kuti ngozi yaikuru ya cipolopolo ca mtobvu m'midzi mwathu siiri kuthengo, iri pakhomo, tsiku loumba.

Ngozi ina ya tsiku lomwelo ndi yoonekeratu. Kadontho kamodzi ka madzi kakalowa pansi pa mtobvu wosungunuka, kamasanduka nthunzi mwadzidzidzi ndi kumwaza mtobvu wamoto kumaso. Cikombole conyowa, bango laliwisi, ngakhale thukuta lokha, zacititsa anthu khungu. Madzi a m'batire naonso ndi asidi wotentha khungu ndi maso.

Za nyama yophedwa tinene mwacilungamo. Cipolopolo ca mfuti zamakono cimathamanga kwambiri, ndipo cikagunda fupa cimanyenyeka kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso. M'caka ca 2008 a boma la Minnesota ku America anaunika nyama zoomberedwa ndi makina oonera mafupa, napeza tizidutswa totere mpaka masentimita 45 kucokera pabala. Anapezanso kuti zipolopolo zolemera ndi zoyenda pang'onopang'ono, monga za mfuti zodyetsera kukamwa, zimasiya tizidutswa tocepa. Pamenepa gogodera yapambana mng'ono wace wa m'sitolo. Komabe tocepa si kuti palibe. Moto suononga mtobvu. Kuphika, kuocha ndi kufutsa sizicotsa kanthu, ndipo msuzi wowawasa wa matimati umathandiza kuusungunula kuti ulowe bwino m'thupi. Nyama yozungulira bala iyenera kudulidwa mowolowa manja ndi kukwiriridwa. Tsoka ilo, pa mwambo wathu wogawana, nyama yamagazi ya pabala ndi zam'kati ndizo zimaphikidwa msanga, ndipo ana ndiwo amayamba kulawa. Matumbo otayidwa pamtunda amadyedwa ndi miimba, mbalame zimene mtobvu umazipha mosabvuta.

Maiko ena analetsa kale. Ku California kusaka ndi zipolopolo za mtobvu kunaletsedwa kotheratu mu Julayi 2019, ku Denmark mu 2024. M'malo mwace amagwiritsa nchito zipolopolo za mkuwa. Pamenepa munthu akhoza kuseka pang'ono, pakuti mkuwa ndi wathu, timaukumba ku Kitwe, Chingola ndi Solwezi. Koma mkuwa umasungunuka pa madigiri 1,085. Mbaula siufika, ndipo mlimi wa ku Lundazi sadzaumba cipolopolo ca mkuwa pakhomo pace.

Lamulo ndi khola

Lamulo la nyama zam'thengo la 2015 limati nyama zonse zam'thengo ziri m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu onse, ndipo kuyambira 2016 oziyang'anira ndi a Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, amene analowa m'malo mwa ZAWA. Kukhala ndi mfuti, ngakhale gogodera ya malume, kumafuna laisensi. Kusaka kumafuna laisensi inanso. Lamulo lomwelo limalola munthu kuteteza moyo wace ndi mbeu zace ku nyama yoononga, koma akapha ayenera kukanena msanga kwa oyang'anira nyama, ndipo nyamayo siikhala yace. Mlimi amaona kuti pamenepa pali kukondera: cimanga cikadyedwa palibe womlipira, koma akapezeka ndi mwendo wa nguluwe m'thumba, unyolo uli pafupi. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo amene amakonza malamulo ku Lusaka akadayenera kugona kucilindo usiku umodzi wa Marichi. Bungwe la COMACO, limene Dale Lewis anayambitsa mu 2003 m'cigwa ca Luangwa, linayesa njira ina: alenje apereke mfuti ndi mawaya, aphunzire ulimi ndi kuweta njuci, ndipo bungwe ligule mpunga, nshawa ndi uci wao. Mfuti zambiri zinaperekedwa motero. Koma nguluwe sizinasaine pangano, ndipo munda wa amene wapereka mfuti ufunikabe ngalande yakuya, mpanda wolimba kunsi, agalu ndi anansi olinda mosinthana.

Gogodera nayonso imaluma mwini wace. Zambiri za masiku ano si za ku Ulaya ai, nzosulidwa kucokera ku mipope, ndipo onga ukapitirira muyeso, mpope umaphulika ndi kutenga zala. Ndiponso usiku wamitambo, phesi likagwedezeka, munthu wotopa ndi tulo sasiyanitsa nguluwe ndi mnansi wodzera m'munda pocokera kumowa. Milandu yotere mafumu aiweruza, ndi maliro omwe.

Cotsiriza cikhudza amai, pakuti m'midzi yambiri ya Kum'mawa nkhumba za m'khola ndizo zimalipira sukulu. Njiri ndi nguluwe zikhoza kunyamula kacilombo ka cigodola ca nkhumba popanda kudwala, ndipo nkhufi za m'maenje a njiri zimakasunga. Matenda amenewa anadziwika koyamba m'dziko muno ca ku Fort Jameson, ndiye Chipata, mu 1912, ndipo sanacoke m'cigawo cimeneci. Munthu sadwala nao, koma nkhumba yoweta ikawatenga imafa m'masiku owerengeka, ndipo khola lonse limatsatira. Kacilomboka kamakhala nthawi yaitali m'nyama yaiwisi ndi yofutsa yomwe. Motero nyama ya kuthengo ikafika pakhomo, madzi otsukira, zikopa ndi makombo ace asapite kukhola, ndipo mpeni wosendera usagwire cakudya ca nkhumba usanaphikidwe m'madzi owira.